Chinangwa Chimene Ndinapatsa a Silwamba

Fungo la chinangwa choviika, limene inu a kumwera mumatseka nalo mphuno mukafika kwathu ku Usisya, kwa ine ndi fungo la pakhomo pa ama, mayi anga. Limayamba tsiku lachitatu. Madzi a m'mbiya amachita thovu, amayera mbuu, kenaka kafungo kowawasa kamakwera n'kulowa m'nsalu, m'tsitsi, m'bulangete momwe. Mwana wa kunyanja akalimva amadziwa kuti kondowole, nsima yathu ya chinangwa, ili pafupi, ndipo mtima umakhala pansi. Ine Yotamu Chirwa ndinabadwira m'fungo limenelo, ndipo sindinachitepo nalo manyazi ngakhale tsiku limodzi. Zilembo zanga ndi zochepa, koma nkhani iyi ndiilemba ndekha, chifukwa ena akamainena amaithira mchere wawo.

Inali nyengo ya mwera, mphepo yovundula nyanja, nkhondo yachiwiri ya azungu isanathe, ine ndili ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri. Ada, bambo anga, anali atapita ku Halale kukaphikira mzungu zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo kalata zawo zinali zitasiya kubwera. Pakhomo tinatsala ama anyaMhone, ine, ndi alongo anga awiri aang'ono. Nyengo zina amayi akwathu ankaviika chinangwa m'maenje okumba mumchenga m'mphepete mwa madzi. Koma mwera ukayamba, mafunde amakwirira maenjewo n'kukokolola chakudya cha anthu, ndiye aliyense ankaviikira m'mbiya kunyumba. Ama anali ndi mbiya zitatu zikuluzikulu, zondifika m'chiuno, pansi pa mango kumapeto kwa bwalo lathu. Kuseri kwa mangowo kunali sukulu ya mishoni, yaudzu, ya mipando ya mitengo yong'amba, ndipo pambali pake panali kanyumba ka mphunzitsi.

Mphunzitsi wathu wakale atakalamba, amishoni anatitumizira wina wochokera kunja, ku Rodeshiya ya kumpoto, kumapiri kumene kulibe nyanja. Dzina lake a Silwamba. Ife tinkangoti asambizi, ndiko kunena kuti aphunzitsi m'chinenero chathu. Tsiku limene anafika mudzi wonse unali pagombe. Sitima inaima patali chifukwa cha mafunde, ndipo kaboti kanawabweretsa atagwira m'mbali ndi manja onse awiri, nkhope itatuwa ngati phulusa. Pofika pamadzi a m'mawondo anakana kutsika. Anachita kuberekedwa ndi msodzi wina, nsapato zili m'khosi, thumba la mawere lili pamutu pa mnzake. Amayi anaseka mpaka kugwirana m'mapewa. Iwo anaimva nseko imeneyo, ndipo ndikhulupirira kuti sanaiiwale.

Anali mnyamata wamtali, wa malaya oyera osita ndi simbi ya makala, wolankhula Chinyanja cha m'buku chimene ife a Chitonga tinkangochimva apa ndi apo. Moyo wakwathu unawakanika kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kusamba ankasambira m'ndowa kuseri kwa nyumba, poopa ng'ona, pamene nyanja yonse ili pamphuno pawo. Akapatsidwa usipa ankauchotsa mitu mmodzimmodzi, n'kutsala ndi kanthu kosakwana pakamwa pa mphaka. Tsiku lina anawapatsa nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja timene timaumba ngati mkate, iwo anakaponyera nkhuku poyesa kuti anthu akuwanyoza. Mchenga unkawalowa m'nsapato, koma kuvula ayi. Kondowole anailawa kamodzi kwa mkulu wa mpingo, inawamatirira m'kamwa, anatuluka panja n'kukalavula anthu akuona. Kuchokera tsiku limenelo ankadziphikira okha nsima ya mawere akwawo, yakuda, atatseka chitseko.

Kuphunzitsa ankadziwa, pamenepo sindinama. Ndi iwo amene anandionetsa kuti dzina langa limayamba ndi chilembo chonga mphanda ya mtengo. Koma mwera ukamawomba, unkadutsa pa mbiya za ama n'kulowa m'sukulu, ndipo asambizi ankaphunzitsa atagwira kansalu pamphuno. Ku mishoni anali atawaphunzitsa za ukhondo, kuti madzi oima onunkha ndiwo amabala udzudzu ndi matenda. Iwo ankaona ngati atumidwa kudzatipulumutsa ku zonyansa. Sanafunse munthu aliyense kuti m'mbiyamo muli chiyani ndipo chikuchita chiyani.

Linali Lachisanu, nthawi ya ntchito ya manja, pamene ana tonse tinkasesa ndi kuzula udzu. Asambizi anatiimika pamzere n'kutitsogolera mpaka pansi pa mango athu. Ama anali kumunda. Anatiuza kuti titaye madzi onse ndi zowola zili m'menemo. Palibe mwana anasuntha, chifukwa aliyense ankadziwa kuti chimenecho ndi chakudya cha sabata yathunthu. Atafunsa kuti mbiyazo ndi za ndani, anzanga anandiyang'ana ine. Anati ndiyambe ndine, ndionetse chitsanzo. Ine ndinapinda manja kumbuyo. Anandikwapula ndi kansungwi kasanu m'miyendo, koma manja anga sanachoke kumbuyo. Pamenepo anapsa mtima n'kukankha mbiya yoyamba ndi nsapato. Inagwera inzake, inzakeyo inagwera yachitatu, ndipo zonse zinasweka. Madzi oyera anayenderera mumchenga, chinangwa chofewa chinamwazika ngati mafupa.

Ama anafika nthawi yomweyo, nkhuni zili pamutu, mlongo wanga wamng'ono ali kumsana. Anatula nkhuni pansi. Asambizi anaima chilili, ana makumi atatu akuona, n'kunena mokweza ngati ali m'kalasi: "Mayi, munthu wopemphera sadyetsa ana ake zinthu zowola. Muphunzire ukhondo."

Ama anagwada. Mundimve bwino, ama anga, mkazi amene ankalima yekha munda wa anthu atatu, anagwada pamaso pa kamnyamata kobadwa dzulo, n'kuyamba kutola chinangwa mumchenga, kuchipukuta ndi nsalu yawo chimodzichimodzi. Anangoti, "Tamva, asambizi." Ine ndinaima pamenepo miyendo ikutentha, ndipo ndinalumbira mumtima, pali ada ku Halale, kuti munthu ameneyu adzagwada pansi nayenso, ine ndikuona.

Mkulu wa mpingo anakawalankhula asambizi Lamlungu lake. Akuti anapepesa kwa mkuluyo. Kwa ama sanabwere. Sabata imeneyo tinadya kondowole ya mchenga, yolira m'mano, ndipo ama anachita kubwereka kambiya kamodzi kwa apongozi awo, amene sanalephere kuwanenera mawu. Amayi a m'mudzi anasiya kupita kunyumba ya asambizi. Kale ankatumiza ana ndi kambale ka ndiwo, koma tsopano ankangodutsa, kupereka moni wouma, n'kumapita.

Ine ndinadikira. Kusukulu sindinajombe tsiku limodzi. Ndinkafika woyamba, ndinkaimba chitsulo cholendewera pamtengo, ndinkawatungira madzi, ndipo iwo anayesa kuti kansungwi kandiwongola. Chimene ndinkayang'ana chinali thumba la mawere pakona ya nyumba yawo. Linkaphwa sabata ndi sabata. Sitima inadutsa kawiri osaima chifukwa cha mwera, ndipo thumba lina limene ankayembekezera kuchokera kwawo silinafike. Ndinawaona akubowola lamba wawo ndi msomali. Ndinawaona akuima pamwala kuyang'ana utsi wa sitima mpaka utazimirira, kenaka n'kubwerera akuimba nyimbo ya kutchalitchi m'chinenero chawo, chapansipansi. Chisoni sichinandigwire ngakhale pang'ono. Ndinkangoti mumtima, phwa, thumba iwe, phwa msanga.

Tsopano ndikuuzeni chimene mwana aliyense wa kunyanja amadziwa asanamere mano achiwiri. Chinangwa chili mitundu iwiri. Chilipo chozizira, monga mbundumali, chimene ungazule n'kutafuna pomwepo. Ndiye chilipo chowawa, monga gomani, chimene chili ndi ululu m'kati. Chimenechi sudya usanachisende n'kuchiviika masiku anayi kapena asanu mpaka chifewe, ululu wake utuluke ndi madzi onunkha aja. Akazi opanda mwamuna pakhomo ankadzala chowawa chokhachokha, chifukwa anyani, nguluwe ndi akuba amachiopa. Munda wa ama unali wa gomani kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Ife timasiyanitsa mitunduyi poona tsamba ndi khungu lake, koma kwa munthu wa kumapiri zonse ndi mizu basi.

Tsiku limene mawere anatha, asambizi anandiitana ana atapita. Anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna kuba. Anandifunsa ngati ndingawapezere chinangwa chachiwisi, chosalowa m'madzi onunkha, kuti achisende okha, achiyanike padzuwa, apange ufa waukhondo. Ndinayankha ndi ulemu wonse umene ama anandiphunzitsa, manja onse awiri pamodzi: "Yewo, asambizi, mawa lomwe."

M'mawa mwake ndinakwera kumunda ama ali kumaliro kumudzi wina. Mbundumali ikanapezeka kwa malume, panali pafupi. Ine ndinadutsa pamenepo n'kupita m'munda mwathu. Ndinasankha gomani wakale, wa zaka ziwiri, mizu yake yonenepa ngati mkono wa msodzi, ndipo ndinadzaza dengu. Pobwerera ndinadzera kuseri kwa matanthwe kuti ndisakumane ndi mayi aliyense, chifukwa mayi aliyense akanangoyang'ana m'dengu akanafunsa. Asambizi anasangalala. Anasenda okha ndi kampeni kawo ka m'thumba, anadula tizidutswa, anayanika pamphasa m'kati mwa mpanda wawo waudzu. Analawa kachidutswa kamodzi n'kukwinya nkhope.

"Chikuwawatu ichi, Yotamu."

"Ndi mmene chimakhalira cha kuno, asambizi. Chikauma chimakoma."

Dzuwa la mwera ndi lofooka, koma njala inawafulumizitsa. Masiku awiri okha anati chauma. Ndinawasinjira ine mumtondo wobwereka, ndinasefa, ufa unatuluka woyera ngati choko, wopanda fungo. Anautapa m'manja n'kundionetsa. Anati ndikauze amayi anga kuti umu ndi mmene anthu ophunzira amakonzera chakudya. Ndinati ndikawauza. Masana amenewo anaphika mphika wodzaza, munthu amene anali atagona ndi njala masiku angapo, ndipo ndinawasiya akunyambita zala.

Kutacha ndinaimba chitsulo monga mwa masiku onse. Ana anasonkhana, dzuwa linakwera, chitseko cha asambizi chili chitsekere. Ndinapita ndekha n'kukankha. Anali pansi, pakati pa bedi ndi khomo, atagwada, manja ali m'masanzi awo. Malaya oyera aja anali atada. Ankayesa kuimirira koma nyumba inkawazungulira, ankagwanso. Maso anali ofiira, mpweya ukutuluka mothamanga ngati wa galu wothamangitsa gwape. Atandiona anatambasula dzanja n'kunena mawu a kwawo amene sindinawamve, kenaka anati, "Madzi, mwana wanga."

Ndinena zoona, pakuti ndakalamba ndipo palibe amene angandikwapule. Ndinakondwa. Ndinaima pakhomo paja n'kuwayang'ana bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka kumapazi opanda nsapato, kuti ndisadzaiwale. Madzi ndinawapatsa, koma ndinayamba ndayang'ana kaye.

Ana ena anathamanga kukaitana mkulu wa mpingo, ndipo amayi anabwera pambuyo pake. Ama anafika manja ali ndi ufa. Amayi ena anaima panja n'kumanong'onezana za malungo. Ama sanalowe m'nyumba poyamba. Anazungulira kuseri kwa mpanda, anaona tizidutswa totsala pamphasa, anatola kamodzi, analuma, analavula. Kenaka anapita padzala n'kutola khoko limodzi la chinangwa. Analitembenuza m'manja. Mkazi amadziwa chinangwa cha m'munda mwake monga amadziwira kulira kwa mwana wake. Anakweza maso n'kundipeza ndili pampanda. Sanatukwane, sananditchule dzina. Anasonkhanitsa makoko onse m'nsalu yawo, anakolola tizidutswa tonse pamphasa, anakhuthuliramo ufa wotsala, anamanga mfundo, n'kundipatsa. Anati, "Kataye pakuya. Uikemo mwala."

Nditabwera kuchokera kunyanja ndinapeza ama atalanda nyumba ya asambizi ngati ndi yawo. Anawamwetsa madzi ofunda mpaka anasanza zonse zotsala. Anawasambitsa kumaso, anawagoneka chammbali, anakolopa pansi ndi manja awo. Mkulu wa mpingo atanena zotumiza bwato kukatenga thandizo, ama anati mafunde awa apha opalasa, musiyeni munthuyu kwa ine. Masiku atatu sanapite kumunda. Ankakhala pakhomo la asambizi, mwana kumsana, kumvetsera mpweya wawo. Ine zinandinyansa. Ndinkati mumtima, ama awa alibe mtima wa munthu, ali ngati galu amene amanyambita phazi lomuponda.

Tsiku lachitatu asambizi anapempha chakudya. Ama anaphika phala la kondowole, la ufa wochokera m'kambiya kobwereka kaja, wonunkha bwinobwino. Anandipatsa mbale kuti ndipereke ndine, ndikhale pomwepo mpaka ithe. Asambizi ananunkhiza, anatseka maso, anamwa. Anamwa yonse mpaka kukanda m'mbale ndi chala. Kuyambira pamenepo chakudya chawo chinkachokera pamoto pa ama, ndipo wonyamula ndinali ine, m'mawa ndi masana, mpaka anachira. Chimenecho ndicho chinali chilango changa, ndipo chinandiwawa kuposa kansungwi.

Atayamba kuyenda ndi ndodo, tsiku lina anandiimitsa ndikutenga mbale. Anali atafunsa kale kwa mkulu wa mpingo chifukwa chimene anthu amaviikira chinangwa, ndipo anali atamva. Anandifunsa mwakachetechete ngati ndinkadziwa kuti chinangwa chija ndi cha mtundu woopsa. Mwana wina akanalira n'kunena kuti sanadziwe. Ine ndinawayang'ana m'maso, chinthu chimene mwana sankachita kwa wamkulu masiku amenewo.

"Ndinkadziwa. Ndi cha m'munda mwa ama, amene munawaswera mbiya."

Anapukusa ndodo yawo mumchenga. Sanandimenye, ndipo sanauze munthu, ngakhale mkulu wa mpingo. Anangoti sukulu itsegulidwa Lolemba, ndibwere. Lolemba lake ine ndinapita kwa malume kukapempha malo m'bwato. Sindikanatha kukhala pansi pa munthu amene ndinamuona akukwawa, ndiponso sindikanatha kulandira chifundo chake. Anatuma ana kawiri kudzanditenga. Kachitatu anabwera okha pagombe, nsapato m'manja, ine ndinapalasa n'kulowa pakati pa nyanja. Sukulu yanga inathera pomwepo. Ndinakhala msodzi, ndinadzakhala ndi makoka anga ndi mabwato anayi, ndipo palibe munthu ku Usisya anganene kuti Yotamu anapemphapo chakudya pakhomo pake.

A Silwamba anakhala kwathu zaka zinayi. Anaphunzira kudya usipa ndi mitu yomwe, anaphunzira Chitonga chokhotakhota chimene ana ankachiseka, ndipo anachoka atanenepa. Ine ndi iwo tinkapatsana moni wa panjira basi.

Zaka zonse za unyamata wanga ndinkanyada kuti ndinawabwezerera ama, ndipo ndinkawaona ama ngati munthu wofooka amene analera mdani wake. Ndinadzalankhula nawo za nkhaniyi kamodzi kokha, ali okalamba, ine ndili ndi ana anga. Tinali kusenda chinangwa pabwalo, ndipo ndinawafunsa moseka kuti chifundo chonse chija anachitenga kuti. Anaika mpeni pansi.

"Chifundo chanji, chitsiru iwe? Mbiya zinasweka za ndani? Munda wa gomani unali wa ndani? Akanafa munthu uja, asikali a ku boma ku Chintheche akanamanga iwe, kamwana ka mamina? Mudzi wonse unkadziwa amene anali naye chifukwa. Chingwe chikanakhala changa, alongo ako n'kutsala pamchenga."

Ndinawafunsa ngati anamukhululukira. Anatolanso mpeni n'kupitiriza kusenda. Anati anamudyetsa kuti asafe ndi chinangwa chawo, koma kukhululuka ndi nkhani ina, ndipo mnyamata uja anakwera sitima osabwera kudzagwada pabwalo pawo.

Pamenepo ama ndi ine tinali amodzi, ndipo mpaka lero sindinasinthe. A Silwamba analakwa, ndipo ndikakumana nawo kumene tikupita tonse ndidzawauza pamaso. Koma tsiku lija ndinaima pakhomo n'kumakondwa, ndinkayesa kuti munthu amene ndamugwetsa pansi ndi mmodzi. Sindinaone kuti ama, pokolopa masanzi a mlendo ndi manja awo, ankapulumutsa khosi lawo kwa mwana wawo yemwe.